Za mayeso a CPA kuno ku America, musathamangire state

Mwana wa mlongo wanga wafika kuno miyezi inayi yapitayi, dzulo usiku akundiimbira kuti ankolo ndikufuna ndiyambe CPA (Certified Public Accountant, laisensi ya ma accountant kuno), ndilembetse ku state iti? Ndisanayankhe nkomwe akuti pali munthu wina pa gulu la WhatsApp wanena kuti ndimutumizire ndalama andikonzere zonse. Ndinamuuza kuti usatumize olo dollar imodzi, kulembetsa umalembetsa wekha. Ndiye ndati ndilembe pano, poti ambiri mukubwera ndi madigiri a accounting ndipo tonse timagwera mdzenje lomweli.

Choyamba, mayeso ndi amodzi paliponse. Kaya walembetsa ku Texas kaya ku Guam, mafunso amachokera ku AICPA (bungwe la ma CPA kuno ku America), kukhoza ndi 75, ndipo kuyambira January 2024 mapepala ake ndi AUD (auditing), FAR (financial accounting), REG (misonkho ndi malamulo) kenako usankhe limodzi mwa BAR (business analysis), ISC (information systems) kapena TCP (misonkho mozama). Chomwe ukusankha si chipinda cholemberamo ayi, ndi board (bungwe la state loyang'anira ma accountant) yomwe idzakupatse laisensi, ndipo ma board alipo 55, iliyonse ndi malamulo ake. Ukalembetsa ku state ina utha kukalembera pa Prometric (malo olemberako mayesowa) yomwe ili pafupi ndi komwe ukukhala.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ine ndinalira, ndi kuunikidwa kwa mapepala a sukulu. Ndinalipira kampani ina yowunika ndisanafunse board ngati imaivomereza. Transcript imayenera kuchoka ku sukulu kupita kwa iwo, osadutsa mmanja mwako, ndiye za kumudzi mukuzidziwa kale, mlongo wanga kumangopita ku ofesi mlungu ndi mlungu, lero osayinira adwala, mawa ali ku maliro, ine kuno ndikutumiza za transport. Zonse zitatheka board nkundiyankha ndi mizere iwiri basi kuti kampani imeneyo sitiyilandira. Kuyambiranso, kulipiranso, mlongo wanga kukakhalanso pa benchi lomwe lija. Yambani mwasankha board, kenako onani omwe iyo ikuwavomereza, ambiri amalandira NIES, ofesi yowunika mapepala akunja ya NASBA (bungwe logwirizanitsa ma board onse), koma werengani nokha.

Za ma credit nazonso, maola a maphunziro omwe amawerenga pa transcript yako. Ma state ambiri amakulola kulemba uli ndi 120 koma kwa zaka zambiri laisensi ankafuna 150, ndipo amawerenganso kuti angati ndi a accounting, angati a business. Pano ena monga Ohio atsegula njira ina, digiri ndi zaka ziwiri za ntchito. Anthu amakonda kufunsa kuti state yophweka kulowa ndi iti, funso lenileni ndi lakuti ndikakhoza andipatsa laisensi? Ena amafuna Social Security Number (nambala yomwe boma la kuno limapereka kwa nzika ndi ololedwa kugwira ntchito), ena amafuna ukhale wokhala konko, ndipo ntchito yomwe wagwira pamafunika CPA woti aisayinire. Ine bwana wanga woyamba sanali CPA, anadziwa bwinobwino chomwe ndimafuna koma anangokhala chete chaka chathunthu poti ndimagwira ntchito ya anthu awiri. Mpaka lero zimandiwawa.

A ACCA (mayeso a accounting aku UK aja) pepani, ndikudziwa mmene munavutikira koma palibe mgwirizano woti mudumphe mayeso. A SAICA (bungwe la ma chartered accountant) aku Joni ali nawo mgwirizano wawo, ife ayi, timalemba zonse zinayi.

Chachinayi kaya chachisanu, NTS (Notice to Schedule). Ukalipira amakupatsa chikalata chokulola kubuka tsiku, ndipo chimatha, ma state ambiri ndi miyezi 6. Ine ndi changu changa ndinalipira mapepala atatu kamodzi, ndikugwira ma shift a usiku, ndinalemba limodzi lokha ena awiriwo ndalama inapsa. Lipirani lomwe mwakonzeka kulemba basi. Chabwino nchakuti nthawi yomalizira zonse ukakhoza pepala loyamba anaiwonjezera, kale inali miyezi 18, pano ambiri ndi 30.

Mphwanga uja ndamuuza alembe kaye komwe akufuna kudzagwira ntchito zaka zikubwerazi, Loweruka abwere ndi transcript yake tidzawerengere limodzi ma credit.