Kwa achimwene amene mwafunsa za mafunso pa mlaga

Achimwene, ndawerenga zimene mwalemba: akupatsani udindo wotsogolera kuwerenga Baibulo pa mlaga wa kwanuko, kagulu ka akhristu a dera limodzi kosonkhana kupemphera, koma mukaponya funso anthu amangoti zii, ndipo mkulu wina wakudzudzulani kuti kufunsafunsa pa Malemba n'kukayikira Mulungu. Mwafunsanso mmene mungayambire kukamba za Yesu ndi mnzanu wa kuntchito osakangana naye. Zimenezi ndalimbana nazo zaka zambiri, ndiye mundilole nditalikitseko.

Mkuluyo musamunyoze. Mwina ali ndi 2 Timoteo 2:23 m'mutu, pamene Paulo akuletsa mafunso opusa. Koma chifukwa chake chili pa ndime yomweyo: mafunso otere amabala ndewu. Funso la munthu wofuna kudziwa ndi lina. Pa Luka 2:46 Yesu ali ndi zaka 12 anapezeka m'Kachisi pakati pa aphunzitsi, akuwamvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Ayuda a ku Bereya akuyamikiridwa pa Machitidwe 17:11 chifukwa tsiku ndi tsiku ankasanthula Malemba kuti aone ngati zolalikira za Paulo zinali zoona. Habakuku anafunsa Mulungu kuti adzafuula mpaka liti osamvedwa, ndipo Mulungu anamuyankha. Ngakhale makolo athu anati safunsa anadya phula. Mupite kunyumba kwawo mkuluyo, mukawerenge nawo ndime zimenezi muli awiri, osati kuwayankha pagulu.

Tsono za kungoti zii kuja. Ambirife tinakulira pa kalasi ya katekisimu, pamene funso lililonse lili ndi yankho limodzi loloweza pamtima. Katekisimu ndi wabwino, ine anandiumba, koma anatisiyira mantha akuti funso ndi mayeso ndipo wophonya achita manyazi. Onjezanipo mwambo wathu: mnyamata sayamba kulankhula akulu ali chete, amayi ambiri amadikira abambo ayambe. Anthu anuwo ali nazo zonena, akungoopa kulakwitsa pamaso pa anzawo.

N'chifukwa chake funso loyamba lisakhale lakuti "ndimeyi ikutiphunzitsa chiyani?" Limeneli amayankha ndi munthu mmodzi yekha, uja wokonda kulalikira, ena onse n'kumangovomereza kuti ameni. Yambani ndi funso lobweza maso a anthu m'Buku, limene aliyense wodziwa kuwerenga kapena womvetsera bwino angalipeze yankho lake.

Ndikupatseni chitsanzo cha Zakeyu, Luka 19:1-10, nkhani imene tonse timati tinaimaliza ku Sande Sukulu. Mukawerenga, funsani kuti: pakati pa Yesu ndi Zakeyu, anayamba kulankhula ndani? Mudzaona mitu ikuwerama, zala zikutsata mizere. Wina adzati, "Aa, ndi Yesu, Zakeyu anangokwera mumtengo." Funsaninso: kodi Zakeyu anaitana Yesu kwawo? Ayi, Yesu anadziitana yekha. Nanga lonjezo lopereka theka la chuma kwa osauka ndi kubweza kanayi linabwera Yesu asanamulandire kapena atamulandira kale? Apa ndi pamene mlaga umadzuka, chifukwa anthu aona okha kuti chisomo chinatsogola, kusintha kwa moyo kunabwera pambuyo. Inu simunalalikire ayi, alipeza okha, ndipo chimene munthu wadzipezera yekha sachiiwala msanga. Kenako mungatsegule Eksodo 22:1, pamene wakuba nkhosa ankabweza nkhosa zinayi, n'kufunsa kuti Zakeyu ankadziona ngati ndani pamene anati kanayi. Funso lolasa mtima libwere pomaliza, ndipo nthawi zina lisayankhidwe mokweza: alipo amene ndinamudyera masuku pamutu, kaya pa sikelo ya chimanga, kaya pa katapila, kaya pa malire a munda, amene ndiyenera kumubwezera?

Mukafunsa, dikirani. Apa ndi pamene ine ndinkalakwitsa kwambiri pa chiyambi. Bata linkandiopsa, ndiye ndinkadziyankha ndekha, anthu n'kuzolowera kuti mtsogoleri amafunsa mwamwambo chabe. Werengani chamumtima mpaka 20 musanatsegule pakamwa. Zikakanika, auzeni akambirane awiriawiri, amayi paokha, achinyamata paokha, kenako afotokoze. Wina akayankha zosiyana ndi Malemba musamuchititse manyazi, ingofunsani kuti, "Mwaziona pa ndime iti?" Funso limeneli limawongola munthu popanda kumugwetsa, ndipo inunso likukhudzani.

Chinanso chothandiza: pa mlaga pamakhala Mabaibulo osiyana. Ena ali ndi Buku Lopatulika la 1922 lija, ena Buku Loyera la 1998, ena Malembo Oyera. Awerengeni onse. Chichewa cha Buku Lopatulika n'chokoma koma n'chakale, achinyamata ambiri mawu ngati "mdindo", kutanthauza nduna ya kunyumba ya mfumu, sawadziwa. Kungofunsa kuti Buku linalo lalemba bwanji kumatsegula makutu. Ndipo akakufunsani zimene simukuzidziwa, nenani poyera kuti simukudziwa, mukafunse abusa, mubwere nalo yankho sabata yotsatira. Anthu akaona mtsogoleri akuvomera kusadziwa, nawonso mantha amawachoka.

Za mnzanu wa kuntchito, tawerengani Machitidwe 8:26-39. Filipo anapeza mdindo wa ku Ethiopia akuwerenga Yesaya 53 m'galeta lake. Sanayambe ndi ulaliki. Anangomufunsa ngati akumvetsa zimene akuwerenga. Munthuyo anati angamvetse bwanji popanda womutsogolera, ndipo ndi iyeyo amene anapempha Filipo kuti akwere akhale naye. Ndime 35 imati Filipo anayambira pa lemba lomwelo kumuuza za Yesu, pamene munthuyo anali kale, osati pamene Filipo akadakonda kuyambira. Yesunso pa chitsime cha ku Samariya anayamba ndi kupempha madzi akumwa.

Ine ndinali ndi mnzanga amene anasiya kupemphera, ndipo kwa miyezi ndinkangomuponyera mavesi pa WhatsApp, iye osayankha. Tsiku lina tikudya nkhomaliro ndinamufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Anandiuza za mwana wake amene anamwalira, ndi mawu opweteka amene akhristu ena anamuuza pa maliro, akuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Ndinalibe vesi lomuyankha nalo tsiku limenelo, ndinangolira naye. Patapita nthawi ndi iye amene anandifunsa ngati m'Baibulo muli munthu amene anadandaulira Mulungu chotere, ndipo tinawerenga Salmo 13 limodzi. Mavesi anga onse aja ankayankha mafunso amene iye sanafunse.

Koma samalani, funso likhozanso kukhala msampha. Afarisi anafunsa Yesu za msonkho wa Kaisara pa Marko 12 pofuna kumukola, osati kuti amve. Mukafunsa mnzanu n'cholinga choti mumupanikize pakona, adzazindikira msanga ndipo adzatseka mtima. Makamaka ngati ali Msilamu kapena wa mpingo wina, funsani chifukwa mukufunadi kumva, ndipo mumulole nayenso akufunseni. Pa 1 Petro 3:15 timauzidwa kukhala okonzeka kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu.

Pa mlaga ukubwerawu yesani Luka 19 yemweyo. Lembani mafunso anayi okha papepala, ndimeyo iwerengedwe kawiri ndi anthu osiyana, ndipo mkulu uja mumupemphe kuti akhale woyamba kuwerenga. Mudzandiuze mmene ziyendere, ine ndikupemphererani.