Tengani kamba wanu achemwali, koma mpunga usiyeni kunyumba

Achemwali, mwafunsa chifukwa chomwe chakudya chimadulira chonchi pa zikondwerero za pabwalo, komanso ngati n'zochititsa manyazi kunyamula chanu pamene mukupita ndi ana atatu tsiku lathunthu. Manyazi palibe ngakhale pang'ono. Nyamulani. Ine ndakhala ndikutero kwa zaka zambiri ndipo palibe anandilozapo chala. Koma ena amati ogulitsa onse ndi mbava, ndipo mawu amenewo andiwawa, chifukwa ndinaimako kuseri kwa tebulo logulitsira.

Mlamu wanga anatengapo malo pa chikondwerero cha masiku awiri, ine n'kupita kukamuthandiza. Asanagulitse ngakhale mbale imodzi, anali atalipira kale ndalama ya malo kwa okonza mwambowo. Malo ena okonzawo amadulanso gawo lawo pa ndalama iliyonse yomwe yalowa. Onjezanipo jenereta ndi mafuta ake, gasi, ayezi, galimoto yonyamula katundu, chilolezo cha azaumoyo, ndi achinyamata awiri oti alipidwe kaya malonda ayenda kaya ayi. Mwini lesitilanti ali ndi mwezi wonse woti apeze ya lendi. Mlamu wangayo anali ndi masiku awiri basi, ndipo tsiku lachiwiri kunagwa mvula kuyambira masana. Anthu anathawa, nyama yomwe tinakonza inatsala, ndipo palibe anamubwezera kalikonse. Ndiye mukaona mtengo wokwera pachikwangwani, dziwani kuti mbali yaikulu ya ndalamayo sikhala m'thumba mwa amene akukupakulirani.

Chomwe chimadulitsa zinthu kwenikweni ndi mpanda. Mukangolowa pachipata, nthawi zambiri simungatuluke kukagula kwina n'kubwereranso, ndipo njala ya mwana siidikira. Okonza amadziwa zimenezi bwinobwino, n'chifukwa chake malo ogulitsira amawakweza mtengo. Pa zakumwa ndiye zimanyanya, chifukwa nthawi zambiri kampani imodzi imalipira kuti pabwalo ponse pagulitsidwe zake zokha. Mpikisano ukachoka, mtengo umakwera mopanda woletsa. Ngati pali woti mumudandaulire, ndi okonza mwambo, osati mayi amene waima pamoto kuyambira m'mawa.

Zikapyola malire zimatha moipa. Pa chikondwerero cha Woodstock cha mu July 1999 ku Rome, m'chigawo cha New York, dzuwa linali loswa mtengo, mthunzi wosowa, ndipo botolo la madzi linkagulitsidwa madola 4. Usiku womaliza anthu anayatsa moto n'kuphwanya malo ogulitsira. Zifukwa zinalipo zambiri, koma ludzu ndi mitengo zinali m'gulu la zomwe zinakwiyitsa anthu. Komabe si lamulo kuti anthu azifinyidwa chonchi. Bwalo la masewero la Mercedes-Benz ku Atlanta, ku America, litatsegulidwa mu 2017, eni ake anatsitsa mitengo ya zakudya, hot dog n'kukhala madola 2, ndipo chaka choyambacho ndalama zomwe munthu aliyense ankagulira zakudya zinakwera ndi 16 peresenti. Anthu akaona kuti sakuberedwa amagula ndi mtima wonse. Ku chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury ku England, komwe kumasonkhana anthu pafupifupi 200,000, munthu amaloledwa kulowa ndi chakudya chake, kupatula za m'mabotolo agalasi, ndipo madzi akumwa ndi aulere pamipopi.

Tsopano za ulendo wanuwo. Musanaphike kalikonse, werengani malamulo omwe ali patikiti kapena funsani okonza, makamaka polemba uthenga kuti yankho lawo mulisunge pafoni. Malo ena amalola chakudya koma amakaniza galasi, zitini ndi mipeni. Ena amangolola botolo lopanda kanthu loti mukatungire m'kati. Ena amakaniziratu zonse, ngakhale kuti ambiri amamvetsa za mwana wamng'ono, munthu wa matenda a shuga, kapena amene thupi lake limadana ndi zakudya zina. Chonde musabise chakudya pansi pa zovala. Alonda akachipeza chimathera m'bini ana akuona, ndipo tsikulo limayamba ndi misozi. Ngati akaniziratu, idyani mokhuta musanalowe, china musiye m'galimoto kapena mukonze zodya mukangotuluka.

Pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri ndi apa. Chakudya chonyamula chimatha kukupulumutsirani ndalama pachipata n'kukakudyerani zochuluka kuchipatala. Zinandichitikira. Ndinaphika mpunga ndi nkhuku m'bandakucha, n'kutsekera m'kontena kadakali kofunda, ndipo chikwamacho chinakhala padzuwa mpaka cha m'ma 2 koloko masana. Sichinkanunkha, kakomedwe kake kanali bwinobwino. Pasanathe maola atatu mwana wanga wamkazi anayamba kusanza, ndipo tinachoka oimba omwe tinawadzera asanakwere n'komwe pansanja. Mu mpunga mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, komwe njere zake sizifa pophika. Mpungawo ukakhala wofunda nthawi yaitali, kachilomboko kamachulukana n'kutulutsa poizoni yemwe ngakhale mutatenthetsanso sachoka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chozizira chisungidwe pansi pa madigiri 5, chotentha pamwamba pa madigiri 60. Kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, akatswiri a za chakudya ku America amati ola limodzi lokha.

Ndiye nyamulani zosachedwa kudya komanso zosaonongeka msanga: buledi wopaka chiponde kapena jamu, mtedza wokazinga, mabisiketi, nthochi, malalanje, maapozi, kaloti. Ngati mukufuna nyama, mazira owiritsa kapena tchizi, zizizire kaye m'furiji usiku wonse, kenako muziike m'cooler box. Mabotolo awiri a madzi muwaumitse mufiriza, akhale ngati ayezi m'mawa, masana akasungunuka mumwe. Bokosilo likhale pamthunzi ndipo ana asamalitsegule pafupipafupi. Zonona ngati mayonezi zisiyeni. Musaiwale sopo kapena sanitaiza, chifukwa pabwalo ana amagwira chilichonse, ndiponso jumbo loti muikemo zinyalala zanu.

Madzi ndiye musachepetse. Mwana akamathamanga padzuwa thupi limauma msanga, ndipo iye sanena mpaka mutu utayamba kumupweteka. Mukangolowa, funsani pomwe pali mpopi musanafunse pomwe pali nsanja. Mwambo womwe ulibe madzi aulere ine ndimaulembera kalata yodandaula ndikabwerako, ndipo ndikanakonda tonse tikanamatero.

Chomwe ndimachita ine, ana ndimawauziratu tili kunyumba kuti aliyense asankha chinthu chimodzi chogula m'katimo, kaya ayisikilimu kaya tchipisi, ndipo ndalama yake ndimaiika padera. Akalowa ali okhuta amasankha modekha, salilira chilichonse chomwe chawadutsa pamphuno. Wogulitsa uja nayenso amapezako kangachepe. Yesetsani kukagula cha m'ma 11 koloko kapena 3 koloko, pamene mizere yafupika ndipo ogulitsa ali ndi mpata wokuphikirani chatsopano.