Mabuku a m'katoni ya chithandizo: onse apite pa shelefu ya ana?

Imelo iyi yachokera kwa aphunzitsi ena a Sitandade 2. Akuti: "Sukulu yathu yalandira makatoni a mabuku a zithunzi ochokera ku UK. Mkatimo ndapezamo Little Black Sambo, komanso lina latsopano lonena za nthawi ya tsankho ku America, momwe mzungu akutukwana mwana wachikuda ndi liwu loyamba ndi N lija. Ahedi akuti buku ndi buku, tisamasankhe poti tilibe. Ndiwaike pa kona yowerengera m'kalasi?"

Madamu, zikomo kuti mwayamba mwawatsegula musanapatse ana, ambiri amangosanja basi bola shelefu yadzadza. Yankho langa ndi loti onse awiri asapite pa konapo, koma zifukwa zake n'zosiyana, musawaponye mulu umodzi.

Tiyambe ndi Sambo. Analemba ndi Helen Bannerman, mayi wa ku Scotland yemwe ankakhala ku India, linatuluka mu 1899. Nkhaniyo payokha ndi ya mnyamata wochenjera amene anapusitsa akambuku, nde ena amati vuto lili pati. Vuto lili pa dzinalo, lomwe azungu ankaitanira munthu wakuda aliyense monyoza, makolo ake n'kuwatchanso Mumbo ndi Jumbo, kenako zithunzizo, milomo yofiira psuu yodzadza nkhope, maso ali tong'o. Mwana wa zaka 7 Chingerezi sanachigwire, chomwe amawerenga ndi chithunzi. Ndipo mukudziwa zomwe zimachitika pa buleki, mwana wakuda kwambiri m'kalasimo, amene anzake amamunena kale kuti makala, pofika Lachisanu dzina lake ndi Sambo mpaka adzamalize Sitandade 8.

Musaganize kuti ndi inu nokha mukuvutika nazo. Pa 2 Malichi 2021, kampani yosamalira mabuku a Dr. Seuss, wolemba mabuku a ana wa ku America, inalengeza yokha kuti yasiya kusindikiza mabuku ake 6, limodzi mwa iwo If I Ran the Zoo la 1950, muli amuna awiri a ku Africa opanda nsapato atavala masiketi a udzu. Eni akewo akuwachotsa, nde ife tiwalandire ndi manja awiri chifukwa abwera ulere? Apa ahedi anu sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono. Kusowa kwa mabuku n'koona, tonse tikukudziwa, koma mwana amene m'kalasi mwake muli mabuku 20 okha amabwereza lomwelo kambirimbiri mpaka kuliloweza, ndiye buku loipa limamupweteka kwambiri iyeyo kuposa mnzake wa ku London yemwe ali ndi mazana oti asankhepo.

Ena angakuuzeni kuti ingofufutani mawuwo ndi Tipp-Ex. Taonani za Tintin in the Congo. M'buku loyambirira la 1931, Tintin akuphunzitsa ana a ku Congo za "dziko lanu la Belgium". Mu 1946 Hergé, mlembi wake, analijambulanso, phunzirolo n'kulisintha kukhala masamu. Mawu anasintha koma nkhope za anthu akudawo zinatsala zomwezija, mpaka mu 2007 masitolo ena a mabuku ku Britain analichotsa ku mbali ya ana n'kukaliika kwa akuluakulu. Chithunzi simungachifufute.

Buku lachiwirilo, la nthawi ya tsankho ku America lija, ndi nkhani ina. Limenelo silikunyoza mwana, likuonetsa mmene mwana ananyozedwera, ndipo wolemba ali mbali ya mwanayo. Osalitaya chonde. Ana athu ayenera kudzadziwa kuti izi zinachitika, ngati mmene timawaphunzitsira za thangata ndi John Chilembwe. Koma kona yowerengera ndi malo oti mwana amatenga buku yekha inu muli bize kuchonga makope, palibe womufotokozera, iye angotolapo liwu latsopano la Chingerezi n'kukaliyesa pa mnzake, mwinanso analimva kale m'nyimbo pa foni ya achimwene ake nde aona ngati n'lololedwa poti lili m'buku la kusukulu. Liikeni m'kabati yanu, kapena muwapatse aphunzitsi a Sitandade 7 ndi 8 aziwerenga limodzi ndi ana. Akafika pa liwulo asalitchule mokweza, aime kaye, anene kuti apa munthuyu watukwana, afunse ana kuti mwanayo anamva bwanji mumtima. Makolo muwadziwitsenso pasadakhale, asadzamvere kwa mwana.

Kwa ahedi musapite ndi mkangano, pitani ndi bukulo, mutsegule tsamba lomwe lili ndi nkhope ija muwafunse ngati angamuonetse mdzukulu wawo. Pa malo otsalawo, African Storybook ili ndi nthano za zithunzi zaulere pa intaneti, za Chichewa zilipo, mutha kudawunilodi pa foni n'kukapulintitsa zingapo. Makatoni otsalawo muwaunike buku lililonse tsamba ndi tsamba, makamaka akalekale aja, musanawasanje.