Mafunso a Owerenga: Kamera ya Filimu ku Nyanja ya Mchere

FUNSO: Akonzi, ndimachita geni ya zovala pa Lizulu, ndipo mwezi wamawa ndikupita kukaoda katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Malume adandisiyira kamera ya filimu, Pentax K1000. Ndigule filimu yanji, nanga ndikayitchere bwanji kuti nyanja ikatuluke bwino? — Wowerenga wa pa Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, iyeseni kaye mudakali kuno. K1000 imajambula ngakhale popanda batire. Kabatire ka LR44 kamangoyendetsa singano yoyezera kuwala. Ikani katsopano, ndipo muzivundikira lenzi mukatha kujambula, poti singanoyo ilibe pozimitsira. Tsegulaninso chitseko cha kumbuyo muone timasiponji takuda ta m'mphepete, totchinga kuwala kuti kusalowe. Ngati tikumata chala kapena kunyenyeka, tatha ntchito. Tisinthitseni, kapena mukaika filimu matani mphepete mwa chitsekocho ndi tepi yakuda ya zamagetsi.

Pa dzuwa la kugombe, filimu ya ISO 200 monga Kodak Gold 200 ndi yokwana (ISO ndi nambala yosonyeza momwe filimu imamvera kuwala; ikakula, filimu imafuna kuwala kochepa). Ya ISO 400 isungireni mumsika ndi m'mamawa. Imodzi imatulutsa zithunzi 24 kapena 36. Mukaiika, yang'anani kachogwirira kobwezera filimu ka kumanzere: kazizungulira nthawi iliyonse mukakoka filimu. Kakangokhala phee, filimu sidagwire, mukujambula mphepo.

Nkhani yaikulu ndi kuwala. Mchenga woyera ndi madzi onyezimira zimanamiza singano. Imaona ngati kuwala kwachulukitsa, n'kukuuzani kuti muchepetse, zotsatira zake nkhope za anthu zimada bii. Ndiye musaimvere kwambiri. Dzuwa likamaswa mtengo, ndi filimu ya 200, tcherani shata (nthawi yomwe kuwala kumalowa) pa 1/250 ndipo bowo la lenzi pa f/16; nambala ya f ikachepa, bowolo limakula. Ngati pali munthu, tsegulani kufika f/11. Dzuwa likakhala kumbuyo kwake, f/8. Njira ya chidule ndi kuika nambala ya ISO pa kamera pa 100 pomwe filimu ndi ya 200, tsiku lonse, kuti singano izikuuzani kulowetsa kuwala kochulukirapo. Filimu ya mitundu imapirira kuwala kochuluka, koma kukachepa palibe chomwe imasunga. Mukakayika, onjezerani.

Dar es Salaam idayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira panyanja cha m'ma 6 koloko nthawi ya kumeneko, yomwe ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. M'mawa pa msika wa nsomba wa Kivukoni mabwato amaoneka akuda kutsogolo kwa kuwala, zokongola ndithu. Mukafuna madzi obiriwira ndi nkhope zooneka, pitani ku Coco Beach ikapitirira 4 koloko madzulo, dzuwa lili kumsana kwanu. Pemphani kaye musanajambule munthu, ndipo kamera isaloze nyumba ya boma ya Ikulu yomwe ili pafupi ndi msikawo, kapena malo a asilikali.

Pa basi, ulendo wa ku Songwe ndi Mbeya ndi wautali: filimu ikhale m'chikwama cha m'manja, kutali ndi windo lotentha. Pa ndege isalowe mu sutikesi yaikulu, makina ounikira katundu ameneyo ndi amphamvu, amatha kuiwononga. Itengeni kumanja, muwapemphe aione ndi maso.

FUNSO: Ndidapita ku Beira kukaona achemwali anga. Nditatsukitsa filimu, zithunzi zambiri ndi zakuda, zamanthongo, zina zili ndi mizere yofiira m'mbali. Pano m'kati mwa lenzi mukuoneka ngati ukonde wa kangaude. Chalakwika n'chiyani? — Mayi wa ku Dedza Boma

YANKHO: Mayi, pepani, apa pali matenda atatu. Kuda ndi manthongo ndi kuchepa kwa kuwala komwe tafotokoza pamwambapa. Penyani negetivu padzuwa: ngati ndi yopyapyala, yoonekera mbee, vuto ndi limenelo, otsuka alibe mlandu. Mizere yofiira ndi kuwala kolowera pa chitseko cha kumbuyo. Kumafika pa filimu chakumsana, n'kuyamba kukhudza gawo lomva kufiira, n'chifukwa chake mtunduwo.

Ukondewo ndi nkhungu, ndipo ndi womwe ukutidetsa nkhawa. Mpweya wa ku Beira ndi wachinyontho komanso wamchere, wosiyana ndi wa ku Salima kapena ku Mangochi komwe madzi alibe mchere. Kamera ikamwa chinyonthocho n'kutsekeredwa m'chikwama chake cha chikopa, nkhungu imamera ngakhale mutabwerera kozizira kuno ku Dedza. Pitani nayo kwa wokonza makamera msanga, chifukwa ikakhalitsa imadya utoto wa pagalasi, chipsera chake sichichoka. Musaisunge pamodzi ndi malenzi ena.

Ulendo wina, madzulo alionse muziyamba mwachotsa mchenga ndi kaburashi kofewa kapena kopopera mpweya. Mukayamba ndi nsalu, mchengawo ukanda galasi. Kenako pukutani thupi la kamera ndi nsalu yonyowa pang'ono ndi madzi akumwa kuti mchere uchoke, iume, muiike m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Fyuluta ya UV kutsogolo kwa lenzi imatchinga madontho a mafunde. Filimu musasinthire pamchenga. Ndipo ngati mwagona m'chipinda cha makina oziziritsa, kamera ituluke ili m'jumbo yomanga, idikire mphindi 20 mpaka 30 musanaitsegule, apo ayi galasi lichita thukuta.

FUNSO: Zithunzi zanga za kunyanja ndidazisikanitsa. Nyanja ndi yopendekeka, zonse zikuoneka zabuluu, pali timadontho toyera. Zingakonzeke pa foni? — Mphunzitsi wa ku Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, izi zikonzeka. Onani kaye kukula kwa sikani. Chithunzi cha filimu ya 35mm ndi 24mm kwa 36mm. Chikasikanidwa pa 2400 dpi (timadontho 2400 pa inchi iliyonse) chimatuluka pafupifupi mapikiselo 3400 kwa 2270, okwanira kusindikiza pa A4. Ngati adakutumizirani pa WhatsApp mwachizolowezi, zidafinyidwa. Apempheni atumizenso ngati Document, kapena aike pa fulashi.

Mu Snapseed, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi pa foni, yambani ndi Rotate: mzere wokumanirana nyanja ndi thambo ugone chimodzimodzi, pakuti diso limaona msanga ngakhale kupendekeka kochepa. Kenako White Balance: tengani kosankhira mtundu, gundani pa chinthu chomwe mukudziwa kuti ndi choyera, monga malaya kapena thovu la mafunde. Ubuluu ukachoka, yang'anani khungu la anthu, ndilo lokuuzani ngati mwapyola. Mu Tune Image kwezani Shadows pang'ono chabe. Mukakweza kwambiri pa negetivu yopyapyala, mumthunzi mumangotuluka manthongo obiriwira. Timadonthoto ndi fumbi lomwe lidali pa negetivu posikana. Kulitsani chithunzi, muzitigunda kamodzikamodzi ndi Healing.

Manthongo aang'ono a filimu asiyeni, ndiwo kukoma kwake. Kuwafafaniza kumasandutsa nkhope ngati chidole. Sungani chokonzedwacho ndi Export kuti choyamba chikhale osakhudzidwa. Manegetivu katengeni kwa otsuka, muwasunge m'timatumba take pamalo ouma, muziwagwira m'mphepete mokha. Sikani ikaipa, mutha kusikanitsanso.