Lowpass ya 2.4 GHz yatalika pa bodi, ichepetsedwe bwanji?

Achimwene, mwati mukufuna lowpass (fyuluta yodutsitsa ma frequency otsika okha) ya microstrip, ya mizere ya kopa pa bodi, yoti 2.4 GHz idutse koma harmonic ya 4.8 GHz, yomwe ndi 2.4 kuwirikiza kawiri, ife, ndiye stepped impedance (ya mizere yonenepa ndi yowonda mosinthana) mwajambula pa bodi wamba ya FR4 ija yatalika mpaka sikukwana pa bodi. Imatero ndithu, chifukwa imatsika pang'onopang'ono kwambiri ikadutsa cutoff, malire pomwe imayambira kutseka, ndiye munthu umangoonjezera magawo, order 7, kenako 9, gawo lililonse likudya mamilimita ake.

Ine ndikuti musalimbane ndi order, ikani zero, malo pomwe siginolo imatsekedwa kotheratu, penipeni pa harmonic. Open stub (kamzere kotuluka pambali kosalumikizidwa kunsonga) yotalika kota ya wavelength imakhala ngati short pa frequency imeneyo, 4.8 ija imathera pompo. Pa FR4 ya 1.6 mm wavelength ya 4.8 GHz ili cha m'ma 34 mm, ndiye stub yanu ndi 8 kapena 9 mm basi, ndipo pa 2.4 stub yomweyo ikungogwira ngati capacitor, nzeru yomwe katswiri Paul Richards anafotokoza kale mu 1948. Pakati pa ma stub ikani kamzere kowonda ka 120 ohm, kamakhala cha m'ma 0.4 mm, ndiye inductor yanuyo. Mutha kukapindapinda kuti kafupike koma mizere ikayandikana kwambiri imakokerana ndipo cutoff imasuntha.

Apa ndiye pomwe ambiri amagwa, samalani. Stub ya 4.8 ija sikuthandizani kwenikweni pa harmonic yotsatira ya 7.2 GHz, ndipo pa ya 9.6 imatsegulanso njira ngati kulibe. Ndiye yachiwiri musaipange yofanana, ifupikitseni cha m'ma 5.5 mm igwire 7.2, kapena gwiritsani radial stub, yooneka ngati chidutswa cha bwalo, yomwe imatseka malo otambalala.

Za DGS anthu amazikonda, kudula ground kunsi ngati dumbbell, ndipo imachepetsadi fyuluta. Koma imataya mphamvu kunsiko, mukangoigoneka pa chitsulo cha bokosi zonse zasintha. Ngati bodiyo ilowa m'bokosi ine sindingaiyambe.

FR4 yakenso ili ndi loss tangent (muyeso wa mphamvu yotayika m'bodi) pafupifupi 0.02 ndipo εr yake ya 4.4, nambala yomwe ikakwera mizere imafupika, imasinthasintha bodi ndi bodi. Bodi ya RO4003C loss tangent yake ili pa 0.0027, ya RO3010 ili ndi εr 10.2 ndiye zonse zimafupika, koma mizere ya impedance yokwera imawonda mopitirira, funsani kaye okupangirani bodi kuti amafika pati.

Musatumize kukapanga musanaiyendetse mu pulogalamu ya pa kompyuta yoyesera ya EM (electromagnetic), kaya openEMS, Sonnet Lite kapena HFSS, chifukwa ma T junction (pomwe stub imakumana ndi mzere) ndi nsonga za stub zimatsitsa zero kuposa momwe masamu akunenera. Ma stub muwasiye otalikirapo pang'ono, muzikadula ndi kampeni mukuyang'ana S21, kuchuluka kwa siginolo yodutsa, pa chida choyezera cha VNA. Onetsetsani kuti VNA yanuyo ikufika kupitirira 7.2 GHz, NanoVNA wamba safikako.