Mabotolo amenewo sangadzutse mkono wa bambo anu

Achemwali, ndalama imeneyo musapereke. Munthu amene akukuuzani kuti makapisozi akewo adzutsa mkono wa bambo anu umene unafa ndi sitiroko chifukwa asayansi anafufuza, mumufunse kuti anafufuzira kuti, pa odwala angati, ndiponso kuti zotsatira zake zinalembedwa pati. Kamakina kogwiritsa m'manja kamene akuti kamaonetsa ngati sitiroko ikubweranso nakonso musakakhulupirire. Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa mawu amene mwauzidwawo ndi omwewo amene tinauzidwa ife pamene mayi anga anafa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo achimwene anga anagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti agule mabotolo amene sanasinthe kanthu.

Mayi anagwa m'mawa akusesa pabwalo. Tsache linapulumuka m'manja, pakamwa panapotokera mbali imodzi, ndipo pofuna kuitana dzina langa ankangotulutsa mawu osamveka uku maso ali pa ine. Aneba anatinyamula pa galimoto yawo kupita ku kiliniki ina yolipira imene inali pafupi, ndipo tinafika ola lisanathe. Amene anatilandira anayeza BP, anapeza kuti yakwera kwambiri, n'kunena kuti vuto ndi lomwelo basi. Anawaika piritsi pansi pa lilime kuti BP itsike msanga, anawameza aspirin, anawaika diripi, ndipo madzulo anatilipiritsa n'kutiuza kuti tibwerere kunyumba, tikawapatse phala kuti apeze mphamvu. Mawu akuti sitiroko sanawatchule ngakhale kamodzi, kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu sanalembe, ndipo pamene ndinafunsa chifukwa chake mkono sukugwira anandiyankha kuti ndisaphunzitse dokotala ntchito.

Usiku umenewo sindidzauiwala. Tinawakhazika pamphasa titawatsamiritsa kukhoma, ndipo mng'ono wanga ankawamwetsa phala ndi supuni monga mmene tinalamulidwira. Supuni yoyamba inangotuluka m'mbali mwa pakamwa n'kuyenderera pachibwano. Yachiwiri inalowa, koma mayi sanameze, anangotutumula maso, nkhope n'kuda, ndipo pakhosi panayamba kumveka phokoso la madzi nthawi iliyonse akakoka mpweya. Ankafuna kutsokomola koma chifuwa chinalibe mphamvu. Dzanja lamanzere, limene linali lamoyo, linagwira chitenje changa n'kumakoka, ndipo misozi inkatsika m'diso limodzi. Magetsi anali atazima, tinkawaunika ndi tochi ya foni, ndipo panja malume anali atayamba kale kunena kuti mlongo wawo wamenyedwa ndi hamala ya afiti, akutchula ndi maina a anthu osalakwa. Phala lija linali litalowa m'mapapo. Posakhalitsa thupi linatentha, ndipo pamene tinkafika kuchipatala chachikulu anali akulimbana ndi chibayo pamwamba pa sitiroko. Namwino woyamba amene anawaona anafunsa kuti ndani anatiuza kudyetsa munthu amene sanayezedwe ngati akutha kumeza.

Ine ndimaphunzitsa kemisitiri kusekondale, ndipo nthawi yonse imene ndinali gadiyani m'wodi ndinkawerenga kuti ndimvetse chimene chinachitika m'mutu mwa mayi. Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 pa 100 a thupi lonse, koma umadya magawo 20 pa 100 a okosijeni amene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo susunga chakudya cha mawa. Mtsempha ukatsekeka ndi magazi oundana, shuga ndi okosijeni zimaleka kufika, mphamvu ya m'maselo yotchedwa ATP imatha m'mphindi zochepa, ndipo timapampu timene timatulutsa sodiyamu ndi kulowetsa potaziyamu timaima. Pamenepo maselo amakhuthula glutamate wochuluka. Glutamate ameneyu masiku onse ndi mthenga wabwino pakati pa maselo a ubongo, koma akachuluka amatsegula zitseko zotchedwa NMDA, kashiyamu n'kulowa mopanda malire. Kashiyamuyo amadzutsa ma enzyme amene amayamba kugaya selo kuchokera m'kati, pamabadwa tizinthu taukali totchedwa ma free radical timene timawononga mafuta a chikuta cha selo, ndipo pambuyo pake kutupa kumabwera kudzawonjezera chiwonongeko. Jeffrey Saver wa ku America anawerengera mu 2006 kuti pa sitiroko ya mtsempha waukulu munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa miniti iliyonse imene sakuthandizidwa.

Chimene chinandipweteka koposa ndi nkhani ya dera limene madokotala amalitcha penumbra. Zili ngati munda wa chimanga pa ng'amba, pamene pakati pauma kale koma cha m'mphepete chimanga changofota, ndipo mvula ikagwa msanga chingathe kudzuka. Dera lofotalo limakhala ndi moyo chifukwa cha timitsempha ta m'mbali timene timabweretsa magazi pang'ono, ndipo BP imene imakwera pa maola oyambawo nthawi zambiri ndi njira ya thupi yokankhira magazi kumeneko. N'chifukwa chake malangizo a madokotala amati pa sitiroko yotseka mtsempha, ngati wodwala sakulandira mankhwala osungunula magazi oundana, BP isatsitsidwe mwaphuma pokhapokha itapyola 220 pa 120. Piritsi lija la pansi pa lilime linagwetsa BP ya mayi mwadzidzidzi pa nthawi imene ubongo wawo unkaifuna. Munthu amene anawapatsa piritsilo mpaka lero akugwirabe ntchito, ndipo ndikadutsa pa kiliniki yake mtima umandinyamuka.

Aspirin nayenso anamupereka mongolota. Sitiroko ili mitundu iwiri ikuluikulu, ina mtsempha umatsekeka ndipo ina mtsempha umaphulika magazi n'kukhuthukira mu ubongo, koma kunja zimaoneka mofanana kwambiri. M'maiko a ku Ulaya ndi America pafupifupi 85 pa 100 ndi yotseka, koma kafukufuku wa SIREN ku Ghana ndi Nigeria anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu anali ndi yophulika. Aspirin amalepheretsa timaselo ta magazi totchedwa ma platelet kumatana, choncho kwa munthu amene akukha magazi m'mutu angathe kuwonjezera ngozi. Chimene chimasiyanitsa mitundu iwiriyi motsimikizika ndi kujambula mutu ndi makina a CT kapena MRI.

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni ya akatswiri a kemisitiri, yosiyana kutali ndi kamakina ka m'manja kaja. Pa matenda a mtima pali troponin, puloteni imene ikapezeka yochuluka m'magazi imasonyeza kuti mnofu wa mtima wavulala, ndipo ofufuza akhala akusaka chizindikiro chonga chimenecho cha ubongo. Ayesa zizindikiro za m'magazi monga S100B, NSE, D-dimer ndi MMP-9, koma chilichonse chimakweranso pa matenda ena kapena chimachedwa kuoneka, mwa zina chifukwa pakati pa magazi ndi ubongo pali chotchinga chimene sichilola mapuloteni kudutsa mwachisawawa. Imene yapereka chiyembekezo chachikulu ndi GFAP, puloteni ya m'maselo othandizira a ubongo otchedwa ma astrocyte. Ofufuza a ku Germany anaonetsa kuti mtsempha ukaphulika GFAP imakwera m'magazi m'maola oyambirira, pamene mtsempha ukangotsekeka imakwera pang'onopang'ono. Mu 2018 ku America anavomereza kuyeza GFAP pamodzi ndi puloteni ina yotchedwa UCH-L1, koma kunali kwa anthu ovulala m'mutu, osati a sitiroko. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuyeza kotere kukadzakhwima kudzathandiza kwambiri ife amene chipatala chathu chapafupi chilibe makina ojambulira, koma kumafuna magazi enieni ndi ma antibody, mapuloteni apadera ozindikira puloteniyo. Kugwira kachitsulo m'manja sikungayeze puloteni iliyonse.

Kunena za mankhwala, amene anatsimikizika kuti amatsegula mtsempha ndi alteplase, amene amasandutsa puloteni ya m'magazi yotchedwa plasminogen kukhala plasmin, ndipo plasmin amadula ulusi wa fibrin umene umamanga magazi oundanawo. Kafukufuku wa ku America wa 1995 ndi amene anaonetsa phindu lake, anavomerezedwa mu 1996 kuti aziperekedwa pasanathe maola 3, ndipo kafukufuku wa ku Ulaya wa 2008 anatalikitsa nthawiyo kufika maola 4 ndi theka. Ngakhale amenewa ali ndi ngozi yake, popeza pa kafukufuku woyamba uja odwala pafupifupi 6 pa 100 anakha magazi m'mutu. Tsopano kuli tenecteplase amene amabayidwa kamodzi, ndipo kuyambira 2015 zinatsimikizika kuti kulowetsa kachubu mumtsempha n'kukoka magazi oundanawo kumathandiza pa mitsempha ikuluikulu. Zonsezi ndi za maola oyambirira, ndipo cholinga chake n'kupulumutsa dera lofota lija, osati kuukitsa lomwe lauma.

Mankhwala oteteza maselo ku glutamate ndi ma free radical ndiye akhumudwitsa anthu anzeru kwa zaka zambiri. Ofufuza ena anawerengera mu 2006 kuti njira zoposa 1,000 zinali zitayesedwa kale, zambiri zikuoneka zothandiza pa makoswe, koma pa anthu n'kulephera. NXY-059 wa kampani ya AstraZeneca anaoneka ngati wathandiza pa kafukufuku woyamba mu 2006, koma atamuyesa pa odwala oposa 3,000 zotsatira za 2007 zinaonetsa kuti sanasiyane ndi mankhwala ongoyerekeza. Desmoteplase, wosungunula magazi wotengera malovu a mleme woyamwa magazi, nayenso sanapambane. Nerinetide wa ku Canada sanaonetse phindu pa odwala onse pamodzi mu 2020. Edaravone anavomerezedwa ku Japan mu 2001, koma ameneyu amaperekedwa m'diripi kuchipatala m'masiku oyambirira. Tsono ngati makampani a ma labotale akuluakulu agwa pamenepa, mnyamata wa chikwama wotigulitsa mabotolo aja, amene anakhala pampando wa mayi anga akumwa tiyi wathu n'kumalonjeza kuti pakutha pa mwezi adzakhala akulima, anazitenga kuti nzeru zoposa onsewo? Mabotolo atatha anabwera ndi ena, n'kunena kuti mankhwala sakugwira chifukwa banja lilibe chikhulupiriro. Mawu amenewo anawanena pamaso pa mayi amene ankamva zonse koma sankatha kuyankha.

Chimene chinabweza mwendo wa mayi ndi afizo, akatswiri ophunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito, pamodzi ndi kuwayendetsa tsiku ndi tsiku, chifukwa mbali za ubongo zimene zatsala zimatha kuphunzira ntchito ya mbali imene yafa, ndipo kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira. Bambo anu ali m'nyengo imeneyo panopa, choncho ndalama ya makapisozi ija ipite ku thiransipoti ya kwa afizo. Mkono wa mayi sunabwerere, ndipo sindikulonjezani kuti wa bambo ubwerera wonse.

Aspirin yemwe ndamudandaulayu ndi amene mayi akumwa m'mawa uliwonse lero, chifukwa sikani inaonetsa kuti yawo inali yotseka, ndipo kafukufuku wamkulu wa 1997, wina wa ku China wina wa m'maiko ambiri, anaonetsa kuti pa mtundu umenewu amachepetsa ngozi yoti ibwererenso msanga. Funsani adokotala kuti ya bambo inali mtundu uti, ndipo alembe m'buku lawo lachipatala. Mankhwala a BP asadumphitse ngakhale akumva bwino, mchere muchepetse m'ndiwo, ndipo nonse a m'banjamo mukayezetse, popeza kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Ayezetsenso shuga ndi HIV, chifukwa kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti HIV imawonjezera ngozi ya sitiroko, makamaka ikakhala yosalandirira mankhwala ndiponso m'miyezi 6 yoyamba munthu atayamba ma ARV, zimene sizikutanthauza kuti munthu asiye kumwa.

Mukadzaonanso pakamwa papotoka, mkono wagwa kapena mawu asokonekera, lembani nthawi imene zayamba, musawapatse chakudya, madzi kapena piritsi lililonse, ndipo muwagoneke cham'mbali. Ngati chipatala chachikulu chili kutali, pitanibe pa chipatala chaching'ono chimene chili pafupi, ngakhale ine chinandilakwira, chifukwa shuga akatsika kwambiri amaoneka ngati sitiroko ndipo kumuyeza ndi nkhani ya kadontho kamodzi ka magazi. Koma akangoyeza, muumirire kalata yokutumizani kumene kuli sikani, ndipo musalole kubwezedwa kunyumba.