Usanaonetse matsenga ako, yamba waodira kwa amfumu

Mdzukulu wanga, wandifunsa ngati ugule chala chabodza chija, chovala kuchala chachikulu, chimene anzako amakankhiramo kansalu kenako n'kutambasula manja ngati kasowa. Gula ngati ndalama ilipo. Koma chalacho pachokha sichisowetsa kanthu. Ntchito ili m'dzanja lako ndi kumene ukuyang'ana, poti maso a anthu amalondola maso ako. Zimenezo udzazolowera pagalasi.

Ine ndimadikira undifunse kuti ukaodire kwa yani.

Ndili mnyamata, pamudzi pathu panafika bambo wina ndi zikho zitatu zachitsulo ndi timipira ta phula. Sanathamangire pabwalo ayi. Anayamba wakhala pansi pakhonde la amfumu, chipewa m'manja, nkhuku pambali. Pamenepo anafumbatula chikhatho n'kuwaonetsa amfumu okha kampira kachinayi, kamene kamapanidwa m'tsinde mwa zala ife tikuwerenga titatu. Madzulo ake tinakuwa mpaka mawu kusasa, ana ena anathawa, azakhali anga anadzifunditsa chitenje kumutu. Kutacha, amayi ena atayamba kunong'onezana pachitsime kuti mlendoyo ndi mfiti, amfumu anangoti, "Manja aja ndawaona ndekha." Nkhani inathera pomwepo. Za kampirako anazisunga mumtima, anadzandiuza ndili kale ndi ana atatu.

Kusunga chinsinsi kotere ngakhale azungu amakudziwa. Ku London kuli bungwe la anthu oonetsa matsenga lotchedwa Magic Circle, linayamba mu 1905, ndipo olowamo amalonjeza kusaulula njira zawo. Koma kwathu kuno pali china. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso kudzitama kuti uli ndi mphamvu za ufiti, koma pamudzi pakabuka mkwiyo anthu sadikira khoti. Ndipo chala sadzaloza iwe wekha. Adzati, "Mwanayu amupatsa ndi agogo ake." Okalamba ambiri avutika chifukwa cha mawu amenewa.

Inu amakono mumangotulukira pamsika, mnzako foni m'mwamba kujambula za TikTok, mfumu osaidziwa, akuluakulu osawalonjera. Kenako mawa lake mwaulula zonse pa intaneti, anthu amene anachita mantha dzulo aja osaziona n'komwe.

Usade nkhawa, luso lako si loipa, manja ako ndawaona ndi opepuka. Loweruka ubwere ndi zikho zako, uvale malaya aulemu. Nkhuku ndipereka ine, tikagwade limodzi pakhonde paja.